Ndinaphunzitsa mwana wanga bodza kuti apeze malo pasukulu ya mpingo

Inu owerenga, ndalimba mtima kulemba nkhaniyi ngakhale kuti mpaka lero ndikaikumbukira thupi limachita tsembwe. Ndinanama. Ndinaphunzitsanso mwana wanga kunama, kenako bodza lomwelo ndinalikoleka m'khosi mwa mwamuna wanga amene sanalakwe kanthu. Panangotsala pang'ono kuti boma la kuno ku Mangalande litilande mwana. Dzina langa sinditchula, koma zonse ndikufotokozazi zinandionekera ine mwini.

Ndine namwino pa chipatala china chachikulu ku Edmonton, kumpoto kwa London. Kwathu ndi ku Ntcheu. Mwamuna wanga ndi wa ku Zomba, ndipo kuno amayendetsa basi. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, Tadala, yemwe panthawiyo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Banja lathu sitipemphera. Ndikudziwa kuti ena mwadzidzimuka, poti kwa ife Amalawi munthu wosapemphera timamuyang'ana ngati akuyenda wosavala. Ine ndinakulira m'kwaya ndithu. Ndinasiya chaka chomwe amayi anga anamwalira. Ankadwala shuga, ndiye mneneri wina anawauza kuti achira, ataye mankhwala. Anatayadi, ndipo sanathe miyezi iwiri. Kuchokera pamaliro pawo, pemphero linakana kutuluka pakamwa panga. Bambo a Tadala iwo chiyambire sanali a zatchalitchi. Sanyoza munthu wopemphera ayi, amangoti iwo alibe nazo ludzu. Tinagwirizana kuti mwana timulere kuti akhale waulemu ndi wachilungamo, za chipembedzo adzasankhe yekha akadzakula.

Tisanasamuke tinkakhala ku Tottenham, m'fulati ya pamwamba pa sitolo. Kumeneko matchalitchi ali mbwee, koma anthu ndi ochuluka moti palibe amene amaona kuti Lamulungu watuluka ndani, watsala ndani. Vuto lathu linali nyumba. Makoma ankakhala a chinyezi, chuku chakuda chili bii m'makona, ndipo Tadala amadwala mphumu. Nyengo yozizira iliyonse tinkathamangira naye kuchipatala akubanika. Titapeza nyumba yabwinoko kumalire kwenikweni kwa London cha kummawa, kupitirira Ilford, komwe basi imakathera, sitinazengereze. Inali yowuma bwino, ndi kamunda kumbuyo.

Dera limenelo ndi la phee, koma ndi la anthu oyang'anana. Kumakhala azungu achikulire ndi mabanja ena a ku Africa omwe anathawa phokoso la m'tauni. Lamulungu m'mawa galimoto zimatuluka mondondozana, anthu atatchena, kupita kokapemphera. Sabata yoyamba yomwe tinapeza timapepala titatu pakhomo totiitanira ku mipingo yosiyanasiyana. Agogo ena achizungu oyandikana nafe atangondipatsa moni, funso lachiwiri linali lakuti timapita tchalitchi chiti. Ndinangoseka n'kusintha nkhani, koma mtima unayamba kundiuza kuti kuno ife tikhala anthu owaloza chala.

Kenako panabwera nkhani ya sukulu. Yapafupi, yoyenda pansi mphindi zisanu, inali ya mpingo, ndipo aliyense ankaitama. Ina yomwe inali ndi malo, komwe Tadala anayamba wapita, inali kutali, yokwerera mabasi awiri, chonsecho ine ndi bambo ake tonse timalawirira kuntchito. Pa fomu ya sukulu yampingoyo panali malo oti abusa asaine kutsimikiza kuti banjalo limabwera kumapemphero, ndipo ana a mabanja otero ndiwo ankayamba kuganiziridwa. Ndikanatha kupita ku ofesi kukafunsa ngati ana a anthu osapemphera amalandiridwa. Sindinapite. Ndinkaopa kuti ndikangotsegula pakamwa, dera lonse limva.

Tsiku lina ndili pa siteji ya basi, ndikulankhula pafoni ndi mchemwali wanga wa ku Balaka, mayi wina anandigwira paphewa akumwetulira. Anali Mayi Zulu, a ku Chipata ku Zambia, omwe amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Amakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu, ndipo mwana wawo Natasha ndi msinkhu umodzi ndi Tadala.

"Kansi ndimwe a kwathu! Nanga mupemphera kuti?" anandifunsa.

Kumva funso limenelo m'chilankhulo chathu kunandifewetsa mtima. Ndinaona nkhope yachikondiyo ndipo ndinaopa kuti ndikanena zoona, ndataya mnzanga yekhayo yemwe ndikanakhala naye m'dera lonselo. Ndinawayankha kuti ndife Akhristu, kungoti chisamukire sitinapeze mpingo. Anasangalala ngati atola chikwama. Zinapezeka kuti iwo amapemphera pa mpingo womwewo wa sukulu ija.

Ndinayamba kupita nawo. Ndinkasinthana mashifiti ndi anzanga kuti Lamulungu ndizipezeka. Nyimbo zambiri ndinkazidziwa kale, ndipo ndinkaimba mokweza kuti abusa andione. Mwamuna wanga anakana kulowa nawo m'sewerolo. Anandiuza kawiri konse kuti, "Mayi a Tadala, bwanji mungopita ku ofesi mukafunse? Zimenezi sizitha bwino." Ndinawayankha kuti iwo sadziwa kuvuta kwake koperekeza mwana pa mabasi awiri kunja kukuzizira. Patatha miyezi ingapo abusa anasaina, malo anapezeka, ndipo ine ndinaona ngati ndapambana.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri, inu owerenga. M'mawa wa tsiku lake loyamba pasukulupo, ndikumupesa tsitsi, ndinamuuza Tadala kuti za kunyumba kwathu asamauze munthu aliyense, ngakhale aphunzitsi. Akafunsidwa azingoti timapemphera. Ndinawonjezera kuti akaulula amuchotsa sukulu, ndipo mami alowa m'mavuto aakulu. Anandiyang'ana pagalasi n'kugwedeza mutu. Ine ndinkaona ngati ndamupatsa malangizo wamba, ofanana ndi oti asaiwale juzi.

Malo atapezeka, changu chopita kutchalitchi chinatha. Ndinajomba Lamulungu limodzi, kenako lachiwiri, mpaka mwezi wathunthu. Poyamba ndinkanamizira ntchito, koma Mayi Zulu ankandiona ndikuyanika zovala kumbuyo iwo akuchokera kumapemphero. Tsiku lina anandiimitsa pageti n'kundifunsa mwachikondi ngati kunyumba kuli mtendere. Ndinasowa pothawira. Ndinawauza kuti bambo a Tadala ndi amene akundikaniza, safuna kumva za Mulungu m'nyumba, ndipo ndikangotchula tchalitchi amakwiya koopsa. Ndinachita kutsitsa mawu ngati munthu woopa kumvedwa. Mayi aja misozi inalengeza. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisadandaule, umenewo ndi mzimu chabe, udzachoka. Ndinalowa m'nyumba nditapepukidwa, n'kuwapeza bambo a Tadala akukonza njinga ya mwana pabalaza, osadziwa kuti ndangowagulitsa pageti.

Masiku atatu pa sabata, ine ndi bambo ake tikakhala kuntchito, Mayi Zulu ndiwo ankamutenga Tadala poweruka kusukulu. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti Lachitatu lililonse masana kunyumba kwawo kunkasonkhana amayi angapo kudzapemphera. Sanali a mpingo wa sukulu ija ayi, linali gulu lina lapadera, ndipo ankatsegula foni n'kumamvera bambo wina wodzitcha mneneri. Mayi Zulu, mwa chifundo chawo, anapereka dzina la mwamuna wanga kuti lipemphereredwe. Amayi aja ankalitchula mofuula. Ankati bambo a Tadala ali ndi mzimu woipa, mzimu umenewo umakoka imfa m'nyumba, ndipo akapanda kumasulidwa mapeto ake ndi moto wosazima. Ankati mizimu yotere imachoka ndi kusala kudya basi. Tadala ndi Natasha ankakhala pansi pomwepo, akujambula zithunzi.

Zizindikiro zinalipo, ndipo ine namwino sindinazione. Mwana amene ankathamangira pakhomo akamva makiyi a bambo ake anayamba kumathawira kuchipinda. Loweruka ankakonda kukwera basi yomwe bambo ake akuyendetsa, kukhala pampando wakutsogolo mpaka kumapeto kwa ulendo, koma anayamba kukana. M'mawa ankati alibe njala, adya kusukulu. Kabokosi ka chakudya kankabwera kopanda kanthu, ine n'kumati akudya bwino, osadziwa kuti ankakhuthulira m'bini. Siketi inayamba kumukhwepa, ndinangoti akutalika. Tsiku lina tikutsuka mbale anandifunsa m'Chingerezi, poti iye Chichewa amamva koma sayankha, kuti kodi moto umapweteka bwanji munthu woti wafa kale. Ndinaseka n'kumuuza kuti asiye kuonera zinthu zoopsa pa TV.

Linali Lachinayi masana, ndikugawa mankhwala m'wodi, pamene anandiitana kuti kuli foni yanga ya mwadzidzidzi. Anali ahedi a kusukulu. Anati Tadala wakomoka pabwalo lamasewera ndipo ambulansi yamutengera kuchipatala cha m'dera lathu. Kenako anasintha mawu, n'kunena kuti ndikafika ndikapeza munthu wa ku ofesi yoona za chitetezo cha ana, aja timangowatchula kuti a sosho. Ulendo wa sitima ndi basi wochokera ku Edmonton sindikuukumbukira bwino.

Ndinamupeza ali pabedi, diripi ili pamkono, milomo itauma. Ndipamene ndinaona koyamba mmene manja ake anaondera. Ndisanamukumbatire n'komwe, mayi wina wovala chitupa m'khosi anandipempha kuti tikalankhulire m'kachipinda kena. Anandiwerengera zomwe Tadala anauza aphunzitsi atatsitsimuka. Anati kwa masabata oposa awiri sankadya m'mawa ndi masana, ankasala kuti mzimu woipa uchoke mwa bambo ake. Anati amawaopa bambo ake. Anatinso mami anamuletsa kuuza munthu aliyense zomwe zimachitika kunyumba.

Inu owerenga, mawu omalizawo ndinawadziwa kulemera kwake. Kuntchito kwathu amatiphunzitsa kuti mwana akangonena kuti anamuletsa kuulula za kunyumba, usadikire, kanene nthawi yomweyo. Ine ndemwe ndinalembapo malipoti otero okhudza ana a anthu ena. Kuwonjezera apo, kuno akamva za mizimu ndi mwana woonda m'banja la ku Africa, amaganiza zoopsa kwambiri. Ndinaona m'maso mwa mayiyo kuti akundiyang'ana ngati mkazi womenyedwa amene akubisa chilombo m'nyumba.

Mwamuna wanga anafika ali mu yunifolomu ya kuntchito, akupuma wefuwefu. Atangolowa m'wodi n'kuitana dzina la mwana, Tadala anatembenukira kukhoma n'kudzifunda kumutu. Mayi wa sosho uja anaona zonse ndipo analemba. Pasanathe ola anawauza bambo a Tadala kuti ndi bwino akagone kwina kufikira kafukufuku atatha, apo ayi mwana sabwerera kunyumba. Iwo ankangoyang'ana uku ndi uku, osamvetsa kuti alakwa chiyani.

Ndinawakokera pakhonde n'kuwauza zonse, kuyambira za pageti zija. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Miyezi yonseyi ndakhala ndikudzifunsa kuti mwana wanga ndamulakwira chiyani. Ndinafika poganiza kuti mwina ndimanunkha utsi wa basi." Ndinati sindinkadziwa kuti zifika kwa mwana. Anandiyankha kuti, "Koma mawuwo anatuluka pakamwa panu." Anapita kunyumba kukatenga kachikwama, n'kukakhala kwa mnzawo wa kuntchito ku Ilford.

Masabata otsatirawo ndi amene sindidzawaiwala. A sosho anabwera kunyumba, anatsegula firiji, anayang'ana chipinda cha mwana, anafunsa aphunzitsi ndi oyandikana nafe. Ankandifunsa mobwerezabwereza ngati mwamuna wanga amandimenya kapena kundiopseza. Ndikakana, ankandiuza mofatsa kuti amayi ambiri amayamba ndi kukana. Atawafunsa Mayi Zulu, iwo ananena mokhulupirika zomwe ine ndinawauza, kuti bamboyo amakwiya koopsa. Ndinapezeka ndili m'msampha wotcha ndekha. Pamene ndinkanama aliyense anandikhulupirira, koma tsopano ndikunena zoona panalibe wondimvera.

Tadala atatuluka m'chipatala, galimoto ikaima panja ndinkangoti abwera kudzamutenga. Ndinkaganiza za Tadala ali m'nyumba ya anthu achilendo osadziwa kuti akabanika mankhwala ake opumira amawafuna msanga bwanji. Ndinkaganiza za ntchito yanga, poti namwino wopezeka kuti ananyalanyaza mwana wake akhoza kulandidwa chilolezo, ndipo mapepala athu okhalira m'dziko muno amadalira ntchito imeneyo. Kuntchito ndinapempha tchuthi chifukwa ndinkaopa kulakwitsa mankhwala a odwala. Kumudzi sindinauze aliyense. Ndikanayamba ndi mawu ati?

Pomaliza ndinachita chomwe ndinkachiopa kuposa zonse. Ndinakagogoda kwa Mayi Zulu n'kuwauza kuti ife sitipemphera, kutchalitchi kuja ndinkangopitira malo a sukulu, ndipo mwamuna wanga sanandikanizepo kanthu. Anakhala pansi ngati munthu wolandira uthenga wa maliro.

"Amake Tadala, ine nasala kudya chifukwa cha amuna anu. Nalira chifukwa cha imwe. Kansi munali kuniseka?"

Ndinangowapempha kuti, ngakhale andide, athandize mwanayo. Sananditsanzike bwino tsiku limenelo, koma m'mawa mwake anapita okha ku ofesi ya a sosho. Anakafotokoza za mapemphero a Lachitatu, mawu onse omwe ankanenedwa ana ali pomwepo, komanso kuti iwo ndi maso awo sanaonepo bamboyo akukalipira munthu. Sizinali zophweka kwa iwo, chifukwa nawonso anafunsidwa mafunso ovuta okhudza Natasha. Mayi amene ndinawapusitsa ndi amene anatipulumutsa.

Tadala naye, atacheza kangapo ndi katswiri wolankhula ndi ana, ananena kuti bambo ake sanamumenyepo kapena kumukalipira. Ankangoopa chinthu chomwe anamva kuti chili m'kati mwawo, ndipo ankaopa kuti akalephera kusala, bambo ake akapsa chifukwa cha iye.

Ndinapitanso kwa ahedi ndi abusa kukaulula za fomu ija. Ndinkayembekeza kuti amuchotsa mwana. Ahedi anandiuza kuti sukuluyo imasunga malo a ana a zipembedzo zina ndi a mabanja osapemphera, ndipo m'kalasi mwa Tadala momwemo alimo angapo. Ndikanafunsa, mwina tikanangodikira teremu imodzi kapena awiri. Abusa sanandinyoze. Anati siginecha yawo siikuwapweteka kwenikweni, chowapweteka n'chakuti mwana waopsezedwa chotere m'dzina la Mulungu. Ndinatuluka mu ofesimo ndikulira, nditazindikira kuti chomwe ndinkathawa miyezi yonseyi chinali funso limodzi lokha.

Bambo a Tadala analoledwa kubwerera patatha pafupifupi masabata atatu. Musaganize kuti zinathera pomwepo. Zinatenga nthawi kuti mwana avomere kukhala nawo pampando umodzi. Iwo sanamukakamize. Ankangokhala pansi pabalaza n'kumadya pang'onopang'ono, mbale ina ili pambali, mpaka tsiku lina anabwera n'kudya nawo. Pano amadya, ndipo thupi labwerera. Koma nthawi ina tikupita kwa katswiri uja, anaima pakhomo n'kundinong'oneza kuti, "Mami, kuno ndinene zenizeni kapena zomwe mukufuna?" Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi kufunsa mayi ake funso lotero.

Ine ndi mwamuna wanga tikadali limodzi, koma nthabwala zomwe zinkadzaza m'nyumba mwathu zinachepa. Ndikawauza kanthu, ngakhale kakang'ono, amayamba andiyang'ana kaye. M'dera lathu aliyense tsopano akudziwa kuti sitipemphera. Ena anasiya kutipatsa moni, koma ambiri alibe nazo ntchito. Agogo achizungu aja amatipatsabe maapozi a mumtengo wawo. Mayi Zulu timapatsana moni pamsewu, koma Natasha sabweranso kudzasewera.

Inu owerenga, makamaka amene mukusamukira kumalo achilendo ndi ana, musachite zomwe ndinachita ine. Ngati simupemphera, kapena mumapemphera mosiyana ndi eni dera, nenani zoona kuyambira tsiku loyamba, mwaulemu. Manyazi ake ndi a mphindi zochepa. Pitani ku ofesi ya sukulu mukafunse ndi pakamwa panu, musadalire zomwe mantha akukuuzani. Mwana akasintha khalidwe, akayamba kuthawa munthu amene ankamukonda, musaseke, khalani naye pansi. Dziwaninso zomwe zimalankhulidwa m'nyumba zomwe mumasiyako ana anu.

Kwa inu opemphera, sindikulimbana ndi chikhulupiriro chanu. Ndikungokupemphani kuti mukamatchula mizimu ndi moto, muziyang'ana kaye pansi kuti pakhala ndani. Mwana samva mafanizo, amatenga mawu monga momwe alili, n'kuwasenza yekha.

Koposa zonse, musadzauze mwana kuti asunge chinsinsi cha akuluakulu. Tsiku lomwe ndinamuuza Tadala kuti asamauze munthu za kunyumba, ndinamutsekera khomo lililonse lomwe akanathawirako, ndi langa lomwe. Anavutika ndi njala ndi mantha masabata onse aja tikudya naye patebulo limodzi madzulo aliwonse, ndipo sananene kanthu chifukwa ankamvera mayi ake.